Luso lilipo pa Namadzi, koma ndani akuphunzitsa mafanawa kudya nalo?

Kampeni inatha kalekale. Mavoti tinaponya pa 16 September 2025, opambana anapambana, ndipo malole aja ankasokosa ndi masipika mumsewu wa Limbe kupita ku Zomba anabwerera kwa eni ake. Amene atsala padzuwa ndi mafana oimba. Miyezi ija ya misonkhano ya ndale aliyense wodziwa kugwira maiki kapena kukanda kiyibodi ankapezako kangachepe. Lero wajambula kanyimbo kotamanda shado, mawa wavina pa lole, mkuja wakatenthetsa msonkhano pa bwalo la mpira. Ena anafika poganiza kuti basi, nyimbo zayamba kulipira. Pano fumbi lija lakhazikika, ndipo funso lakale labweranso: mwana wa pa Namadzi amene akuphunzira kuimba lero, adzakhala akudya chiyani zaka 10 zikubwerazi?

Ine ndikuona kuti vuto lathu si luso. Luso ndiye lilipo, lochita kutayikira. Lowani mu tchalitchi chilichonse kuyambira pa Njuli, pa Mbulumbuzi, pano pa Namadzi mpaka pa Thondwe, mukapeza kamnyamata ka Fomu 2 kakuyendetsa kwaya yonse ndi kiyibodi yoti makiyi ena anafa kalekale. Mukapeza mtsikana woti akangoyambitsa nyimbo ku maliro, ngakhale azibambo okumba manda amayamba aima kaye. Kuseri kwa magolosale kuli anyamata akupanga mabiti pa laputopu yosweka sikirini. Chimene chikusowa n'chakuti timaphunzitsa ana kuimba, koma sitiwaphunzitsa ntchito ya kuimba. Kudziwa kuyendetsa njinga yamoto ndi kuyendetsa bizinesi ya kabaza si chinthu chimodzi. Wina amathamanga bwino koma njinga imafa miyezi itatu, wina amayenda pang'onopang'ono koma chaka chikamatha wagula yachiwiri.

Chitsanzo sitichita kukachisaka kutali, tili nacho m'boma lathu lomwe lino. Agogo athu a Giddes Chalamanda ndi a kuno ku Chiradzulu, anabadwa mu 1930, ndipo akhala akuimba kuyambira makolo athu ambiri asanabadwe. Mu 2016 anakwera ndege kupita ku America, dziko lomwe ankalilakalaka m'nyimbo zawo, mpaka anakaimba ku Library of Congress ku Washington. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kujambulanso nyimbo zawo zakale, ndipo Linny Hoo inaphulika pa TikTok. Anthu a m'mayiko oti sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili kuti anavina nyimboyi, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 inali itaonedwa koposa 80 miliyoni. Atolankhani akunja atapita kwawo ku Madzuwa anakapeza mwini nyimbo alibe foni yoti n'kuonerapo TikTok imeneyo.

Taganizirani bwino, anzanga. Anthu mamiliyoni akusangalala ndi mawu a munthu, kampani ya eni TikTok ikupanga ndalama pa mavidiyo amenewo, koma mwini mawu akukhala ngati mmene akhalira agogo ena onse a m'mudzi. Sindikunyoza amene anawathandiza, ndipo Namadingo ndimamuvulira chipewa chifukwa anachita zomwe ambiri ankangolankhula. Koma thandizo ndi thandizo, malipiro ndi malipiro. Munthu amene wagwira ntchito zaka zoposa 70 sayenera kudikira wachifundo kuti amukumbukire. Ndipo chimene chimandiwawa n'choti mafana athu akaona nkhani ya a Giddes amatolapo phunziro lolakwika. Iwo amati: waona, ukangopanga trend basi zatheka. Pomwe nkhaniyo ikunena zosiyana ndi zimenezo. Kutchuka kunabwera, kochuluka kuposa kumene aliyense wa ife adzakuone, koma njira yoti kutchukako kusanduke ndalama ya mwezi ndi mwezi panalibe.

Ndiye tiyeni tikambe za njira za ndalamazo, poti m'kwaya ndi m'situdiyo sizikambidwa.

Kale zinali zomveka. Woimba ankajambula chimbale, n'kupita nacho kwa O.G. Issa, matepi n'kumagulitsidwa m'misika, iye n'kulandira yake. Panali madandaulo, inde, koma munthu ankadziwa kuti ndalama ikuchokera pati. Kenako kunabwera makompyuta obanira nyimbo, mafulashi ndi mamemore khadi, pano WhatsApp. Lero nyimbo ikatuluka m'mawa, pofika masana ili m'mafoni a tauni yonse ndipo palibe walipira ngakhale K100. Tisanamizane, tonse timatero. Spotify inafika m'Malawi mu 2021, koma ndi angati pa Namadzi pano amene amamvera nyimbo pa Spotify, bandulo mmene ikuwawiramu? Komanso ndalama ya pa Spotify imadalira kumene womverayo ali ndi zimene amalipira, ndiye woimba amene omvera ake onse ali pa Thondwe ndi pa Mbulumbuzi asayembekezere zambiri. Kuti nyimbo ifike n'komwe pa Spotify pamafunika kudutsira ku makampani ngati DistroKid, amene amafuna khadi yolipirira madola, madola omwe ngakhale ogula mafuta a dziko lino akuwasaka ndi nyali. YouTube nayo, pomwe ndikulemba pano, Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene imalipira mwachindunji. Oimba akuluakulu amazemba podutsira kwa abale ndi anzawo a ku Joni kapena ku UK. Mfana wa pa Namadzi alibe msuweni ku Johannesburg woti amutsegulire akaunti, ndipo akakhala naye, mawa akakangana channel yonse yapita.

Khomo limene lili lotsegula koma ambiri salowapo ndi COSOMA. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo pano likugwira ntchito pansi pa lamulo la Copyright la 2016. Ntchito yake ndi kutolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito nyimbo za anthu, monga mawailesi, ma TV ndi malo achisangalalo, n'kugawira eni nyimbo. Palinso ndalama imene imadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo, monga mafoni ndi mafulashi, zikamalowa m'dziko muno, ndipo imeneyi imapitanso kwa eni luso. Oimba amadandaula kuti imachedwa, ena amati kagawidwe kake sikamveka, ndipo madandaulo amenewo ndi oyenera kuwamvera. Koma amene akudandaulawo ali m'kaundula. Iwe amene sunalembetse, nyimbo yako ingalire pa wailesi chaka chonse, palibe amene adzakusake pa Namadzi kuti akupatse envelopu. Ndipo lamulo lomweli likuti umwini wa nyimbo umakhalapo moyo wako wonse kuphatikizapo zaka 50 utamwalira. Ndiye kuti nyimbo ndi munda, ana ako adzalimamo. Nanga bwanji mfana akugulitsa munda umenewu kwa pulodyusa posinthana ndi seshoni imodzi ya ulele, popanda ngakhale kapepala?

Kapepala kameneka ndi nkhani ina. Kuno timaona ngati kupempha kuti tilemberane ndi kusakhulupirirana. "Aise, ukundiyesa wakuba?" Ndiye anthu atatu apanga nyimbo, wina biti, wina mawu, wina kolasi, osagwirizana kuti ya ndani ndi yochuluka bwanji. Nyimbo ikafa palibe vuto. Ikangophulika, ubale watha, ndipo timaziona pa Facebook anthu akutukwanizana ndi ma screenshot. Kulemba pa pepala la m'kope kuti uyu 40, uyu 30, uyu 30, aliyense n'kusaina, sikutenga mphindi 10. Koma ndani anamuuzapo mwana wa kwaya zimenezi?

Mwina wina ati, pajatu sukulu za nyimbo zilipo. Zilipodi, ndipo ife a pa Namadzi tili pabwino kuposa anzathu a ku Nsanje kapena ku Chitipa. Ku Zomba, ulendo wa minibasi imodzi, kuli University of Malawi, Chanco yathu ija, komwe amaphunzitsa nyimbo limodzi ndi zisudzo ndi zojambula. Ku Thyolo, MUST ili ndi digiri ya African Musicology. Ku Lilongwe, ku Area 23, kuli Music Crossroads Academy yomwe inayamba mu 2013, ndipo imeneyi ndiye imaphunzitsadi munthu kugwira chida n'kukwera pa siteji. Koma ziwiri zoyambazo zimafuna MSCE ya mapointi abwino, ndipo tikudziwa kuti pa ma CDSS athu opita ku yunivesite amawerengeka ndi zala. Yachitatuyo ili ku Lilongwe, komwe mwana afunika thiransipoti, lendi ndi chakudya asanagwire n'komwe gitala. Ku pulaimale kuli Expressive Arts, koma mphunzitsi mmodzi, ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, chida choimbira palibe. Amalemba manotsi pa bolodi, ana n'kuloweza kuti ayankhe mayeso. Ndiye sukulu yeniyeni ya nyimbo ya mwana wa kuno ndi tchalitchi, YouTube ya bandulo ya usiku, ndi mkulu wina wa m'dera amene ali ndi gitala.

Ine sindikuona cholakwika ndi sukulu imeneyo. Oimba ambiri amene timawatcha madolo anadutsira momwemo. Taonani Balaka. Alleluya Band inayambira pa parishi ya Katolika mu 1978, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo inatulutsa a Paul Banda, malemu Lucius Banda, Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena. Lucius atakhazikitsa Zembani Band, nayenso anasandutsa bandiyo sukulu, ndipo anthu ngati Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro anadutsira m'manja mwake. Balaka si mzinda, ndi tauni ya pa msewu ngati yathu yomweyi, yangokulirapo. Chimene anali nacho ndi zida zokhala pamalo amodzi, munthu wamkulu wosunga mwambo, ndi mashoo okhazikika. Mwana ankayamba ndi kunyamula masipika ndi kupinda mawaya, kenako kuimba kumbuyo, kenako kutsogolo. Pofika poti watulutsa chimbale chake, amakhala akudziwa kuti geti imawerengedwa bwanji, pulomota amathawa nthawi yanji, ndipo bandi imadya chiyani pa ulendo wa ku Karonga. Soldier anatisiya pa 30 June 2024, ndipo anthu analira nyimbo zake. Ine ndinaliranso sukulu imene inapita naye, chifukwa oimba otchuka a lero ambiri amayenda ndi DJ ndi fulashi. Kumbuyo kwawo kulibe mwana amene akuphunzira.

Apa ndiye pali mfundo imene mafana sakonda kumva. Aliyense akufuna kukhala Driemo kapena Eli Njuchi, dzina pa positala, atsikana kukuwa. Palibe akufuna kukhala wa besi. Koma tawerengani: oimba otchuka m'Malawi muno amene akudya ndi dzina lawo lokha ndi angati? Pomwe woimba besi wabwino, wa madiramu wosunga nthawi, wa kiyibodi wodziwa kutsatira aliyense pa kiyi iliyonse, amene amafika nthawi yake ali bwinobwino osaledzera, foni yake siyizizira. Lachisanu ali ndi woimba uyu, Loweruka ali ku ukwati, Lamulungu ali ku tchalitchi, mkati mwa sabata ali mu situdiyo kapena akuphunzitsa ana a mabwana ku Blantyre. Woimba wa dzina akatha fasho amakhala pansi, wa besi amangosamukira kwa amene watchuka kumene. Erik Paliani anachoka kuno ndi gitala, ku South Africa anakafika mpaka pokonza chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola. Sanalowere pa khomo la kutchuka, analowera pa khomo lodziwa ntchito. Chimodzimodzi wodziwa kusakaniza mawu pa mikisa. Mwapitako kangati ku shoo kapena ku msonkhano wa tchalitchi komwe masipika akungolira ngati nkhumba yophedwa? Munthu wothetsa phokoso limenelo ndi wosowa kuposa oimba 50.

Ndipo ngati mtima uli pa kutsogolo basi, ndiye bola ukhale ndi chako. Madalitso Band, a Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni, ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni yopanga okha, gitala ndi ng'oma yomenya ndi chidendene. Anthu ankawadutsa ngati opemphetsa. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira ku Ulaya chaka ndi chaka. Akaidi a ku ndende ya Zomba, pafupi pomwepa, chimbale chawo chinafika pa mndandanda wa opikisana pa Grammy mu 2016, koyamba m'mbiri ya dziko lino. Akunja sanatengeke ndi Amapiano a ku Malawi kapena Afrobeats ya ku Ndirande, poti eni ake a zimenezo alipo ndipo amazichita bwino kuposa ife. Sindikuti aliyense apange babatoni, ayi. Koma dera lino lili ndi Tchopa, lili ndi Manganje, lili ndi nyimbo za m'makwaya a PIM, lili ndi kakhwapulidwe ka gitala ka a Giddes. Mwana amene akuphunzira nyimbo kuno osadziwa chilichonse mwa zimenezi ali ngati wogulitsa tomato amene akukapikula ku Limbe pomwe dimba lili kuseri kwa nyumba.

Za masamu nazo. Tingoyerekeza kuti bandi ya anthu 6 yaitanidwa ku ukwati ndipo mwagwirizana K300,000. Zikumveka bwino eti? Chotsanipo hayala ya masipika ndi mikisa, poti si zanu. Chotsanipo galimoto yonyamula katunduyo. Chotsanipo petulo wa jenereta, chifukwa magetsi sungawadalire pa tsiku la ukwati wa munthu, ndipo petuloyo mwina mugula wa m'zigubu. Chotsala mugawane anthu 6, mutayeserera masiku atatu. Mukapeza kuti wa kabaza amene anakunyamulani wapanga bwino kukuposani. Kuchokera pamene Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cha woimba chinakwera, kuyambira mawaya a gitala mpaka maiki, poti zonse n'zochokera kunja. Koma mtengo wa woimba sunakwere, chifukwa nthawi zonse pamapezeka mfana wina wovomera kuimba ulele kuti "aonekere". Kuonekera sikugula ufa. Ndipo matchalitchi, pepani akuluakulu, inunso muli m'gulu lomweli. Mmisiri womanga tchalitchi mumamulipira, wokonza denga mumamulipira, koma mwana wa kiyibodi amene amabwera kuyeserera katatu pa sabata mumamuuza kuti Mulungu adzamudalitsa. Adzamudalitsadi, koma sopo ndi fizi zikufunika mwezi uno. Mukadzamva kuti wayamba kuimba ku bala musadzati wagwa.

Atsikana ndiye ali pa mpanipani wawiri. Kunyumba akuti zoimba ndi za mahule, ku situdiyo pulodyusa akuti ndalama usadandaule, ubwere madzulo wekha. Izi sizobisika, aliyense amene wazungulirako m'masitudiyo a m'makwalala amazidziwa. Ndi chifukwa chake mawu abwino aja a m'kwaya amangothera m'kwaya momwemo. Mtsikana wodziwa kuimba chida, wodziwa mtengo wa seshoni, wobwera ndi ndalama yake ndi kapepala kake, ndi wovuta kumuseweretsa. Ku Music Crossroads kunatuluka bandi ya atsikana okhaokha, Daughters Band, oimba zida zonse okha. Ndikanakonda ana a sukulu za kuno akanawaona ndi maso, chifukwa ambiri sanaonepo mtsikana atakhala pa madiramu.

Makolo amene amakaniza ana zoimba ine sindiwaweruza kwambiri. Anaona oimba otchuka akudwala mpaka anthu kuchita kusonkha, anaona ena akutha ndi mowa ndi chamba, ndiye akamati "werenga kaye" akunena zimene anaona. Kumene ndimasiyana nawo ndi poganiza kuti pali njira ziwiri zokha, sukulu kapena gitala. Mwana amene ali ndi MSCE ndi amene adzawerenge kontirakiti n'kuimvetsa, ndi amene adzalembe kalata yopempha kukaimba ku Tumaini Festival ku Dzaleka kapena ku Lake of Stars. Wophunzira zamagetsi ku Mikolongwe ndi amene adzakonze yekha ampulifaya ikapsa, n'kumakonzeranso ena polipitsa. Mawu amatha, fasho imatha, makutu nawo amagontha ukaima pafupi ndi sipika zaka 15. Ntchito yachiwiri yoyandikana ndi nyimbo si kugonja, ndi imene imakusunga mu nyimbomo miyezi ya dzinja pamene maukwati aima ndipo aliyense ndalama yake ili ku feteleza.

Nanga pa Namadzi pano tingatani, poti kudikira boma ndiye tikalamba? Ine pempho langa ndi laling'ono, ndipo likupita kwa a khansala, a MP, a ADC ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Chilichonse cha achinyamata kuno chimathera pa mpira: bonanza, yunifomu, chikho. Mpira ndi wabwino, koma si ana onse amene ali ndi miyendo. Seti imodzi ya zida, madiramu, besi, magitala awiri, kiyibodi, mikisa ndi masipika, yogulidwa ndi CDF kapena ndi mipingo itasonkherana, yosungidwa pa holo ya sukulu kapena ya tchalitchi, yokhala ndi komiti ndi kaundula wolemba amene watenga ndi amene wabweza. Ikamapita ku ukwati izilipitsidwa, ndalamayo izigula mawaya ndi kukonzetsa zowonongeka. Ndikudziwa zimene mukuganiza, kuti zidzathera kunyumba kwa tcheya ngati mmene zimathera zinthu zina za gulu. N'zotheka. Koma mabanki m'khonde amayi athu akuyendetsa zaka ndi zaka ndi bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana. Tiwapatse amayi omwewo makiyi a chipinda cha zida.

Aphunzitsi ndiye sitingasowe. Ophunzira nyimbo a ku Chanco amafuna malo oyeserera kuphunzitsa, ndipo thiransipoti ya Zomba kufika pa Namadzi Loweruka limodzi pa mwezi si ndalama yoti ingagwetse khonsolo. A COSOMA ndi a Musicians Union of Malawi atha kuitanidwa tsiku limodzi, abwere ndi mafomu, mafana alembetse pompo m'malo momangomva kuti ofesi ili ku tauni. Oimba akuluakulu amadutsa pano sabata iliyonse popita ku mashoo a ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, ena amaima n'kugula chimanga chootcha pa siteji pomwepa. Kupempha woimba besi wa bandi ina kuti atsike ola limodzi aonetse ana mmene amakonzekerera shoo, n'kumupatsa ya mafuta, si nkhani yofuna msonkhano wa ku Capital Hill.

Ndipo a Giddes ali m'boma lomwe lino. Ana a sukulu za kuno amawadziwira pa TikTok, chimodzimodzi mwana wa ku Philippines. Pakhale mphunzitsi mmodzi wa Expressive Arts, kapena mkulu wa kwaya mmodzi, woti apemphe chilolezo kwa a pabanja pawo, asonkhanitse ana 10 amene ali ndi chidwi, apite ku Madzuwa atanyamula kope, foni yojambulira ndi envelopu ya agogowo, poti kuphunzitsa nako ndi ntchito yolipidwa. Akawafunse mmene amamangira mawaya a gitala, mmene ankapezera malo oimba kusanabwere mafoni, ndi amene ankatenga ndalama ya pa geti.